Mafunso ndi mayankho: zimene zimachitika m'mizu ya malalanje ndi mandimu nthaka ikauma

Mtengo wa malalanje ukasowa madzi, maso athu amaona masamba opindika ndi tizipatso toyoyoka. Koma zimenezi zimabwera mochedwa. Pofika nthawi imeneyo mizu imakhala itasintha kale kagwiridwe ntchito ka majini (malangizo obadwa nawo amene amalamulira zochita za chomera) ambirimbiri, itapanga mahomoni (zinthu zonyamula uthenga m'chomera), itatseka njira zina za madzi, ndiponso itatumiza uthenga kumasamba. Mafunso otsatirawa akukhudza banja lonse la zipatsozi: malalanje, mandimu, manachesi ndi manyumwa.

Kodi muzu umadziwa bwanji kuti nthaka yayamba kuuma?

Selo (kachipinda kakang'ono kwambiri mwa timene timapanga thupi la chamoyo) la muzu lokhuta madzi limakhala lofufuma, ndipo kakhungu kake kopyapyala kamakanikizika kukhoma lolizungulira. Nthaka ikamauma imakakamira madzi otsalawo, moti muzu umavutika kuwakoka. Kufufuma kuja kumachepa, kakhungu kamakhwefuka. Pa kakhungupo pali mapuloteni amene amamva kusintha kotereku, ndipo amatsegula njira yoti kashiamu alowe m'selo. Izi zimachitika m'masekondi ochepa chabe. Imodzi mwa mapuloteniwa, yotchedwa OSCA1, anaitulukira mu 2014 akatswiri a ku Duke University ku America, pofufuza kachomera kakang'ono kotchedwa Arabidopsis thaliana, kamene asayansi ya zomera amakonda kuyeserapo zinthu chifukwa kamakula msanga.

Kashiamu akachuluka m'selo amadzutsa maenzaimu (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo), maenzaimuwo n'kudzutsa mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kuyatsa ndi kuzimitsa majini. Magulu odziwika a mapuloteni amenewa ndi DREB, NAC, WRKY, MYB ndi ABF, ndipo onsewa anapezeka m'mitengo ya banja la malalanje. Kuyambira 2013, pamene gulu lotsogozedwa ndi Huazhong Agricultural University ya ku Wuhan, China, linafalitsa ndondomeko yonse ya majini a lalanje lotsekemera, zakhala zotheka kutenga muzu wothiriridwa ndi muzu wouma n'kuwerenga majini amene ayaka ndi amene azima mu uliwonse.

Nanga ABA imene imatchulidwa kawirikawiri ndi chiyani?

ABA ndi chidule cha abscisic acid, homoni ya zomera imene inatulukiridwa m'zaka za m'ma 1960. Ndiyo imatsogolera zambiri zimene chomera chimachita pa chilala. Imapangidwa kuchokera ku carotenoid, gulu la zinthu zomwezija zimene zimapatsa khungu la lalanje lakupsa mtundu wake. Enzaimu yotchedwa NCED imadula carotenoid, ndipo chidutswa chimodzi ndicho chimasanduka ABA. Liwiro la ntchito yonse limadalira enzaimu imeneyi. N'chifukwa chake wofufuza aliyense akafuna kudziwa ngati muzu wamva chilala, amayamba wayang'ana ngati jini ya NCED yayaka.

Mmene selo limamvera ABA zinadziwika mu 2009, pamene gulu la Sean Cutler ku Riverside, California, ndi la Erwin Grill ku Munich anapeza mapuloteni oilandira, otchedwa PYR/PYL. Dongosolo lake ndi lochititsa chidwi. Madzi akakhala okwanira, enzaimu yotchedwa PP2C imaletsa inzake yotchedwa SnRK2 kugwira ntchito. ABA ikafika imalowa mu puloteni yoilandira ija, ziwirizi n'kugwira PP2C. Apo SnRK2 imamasuka. Tinganene kuti selo limakhala lokonzeka kale kulimbana ndi chilala, ndipo ABA imangochotsa choletsacho. Ndiye chifukwa chake zinthu zimayenda mwachangu chotero.

SnRK2 ikamasuka imachita zinthu ziwiri zikuluzikulu. Kunsi kwa tsamba la lalanje kuli timabowo tambirimbiri topumira, kalikonse kozunguliridwa ndi maselo awiri. M'maselo amenewa SnRK2 imatsegula njira yotchedwa SLAC1, mchere ndi potaziyamu zimatuluka, madzi amatsatira, maselowo amafwapha, kabowo n'kutsekeka. Chachiwiri, imadzutsa mapuloteni a ABF aja kuti ayatse majini oteteza selo. Mtengo umapulumutsa madzi ndithu, pakuti pafupifupi madzi onse amene mizu imamwa amatulukira pa timabowo timeneti ngati nthunzi. Koma timabowo tomweto ndi polowera mpweya wa kaboni dayokisaidi umene tsamba limapangira shuga. Tikatsekeka nthawi yaitali, zipatso zimachepa msinkhu.

Ndiye kuti mizu ndiyo imapanga ABA n'kuitumiza kumasamba?

Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa choncho, ndipo n'zomveka ndithu: muzu ndiwo umakhudza nthaka, ndiye uyenera kukhala woyamba kuchenjeza. Koma mitengo ya banja la malalanje ili m'gulu la zomera zimene zinathandiza kusonyeza kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina.

Muzu umakhala mumdima, ndipo uli ndi carotenoid wochepa kwambiri poyerekeza ndi tsamba. Umatha kupanga ABA chilala chikangoyamba, koma zopangira zimautha msanga. Mu 2015 akatswiri a ku Universitat Jaume I ku Castellón, Spain, mogwirizana ndi anzawo a ku Valencia, anasenda khungwa mozungulira tsinde la mbande kuti adule njira yotsitsa zinthu kuchokera kumasamba. Pa chilala chokhalitsa, mizu ya mbande zosendedwazo inalephera kukundika ABA. Atapaka pamasamba a mbande zosasendedwa ABA yoikidwa chizindikiro, anakaipeza kumizu. Masamba ndiwo amadyetsa mizu homoniyi chilala chikatalika.

Ngati zili choncho, n'chiyani chimauza masamba kuti pansi pauma? Choyamba ndi madzi enieniwo. Kuchokera kumuzu mpaka kutsamba madzi amayenda molumikizana ngati chingwe chokokedwa, ndipo nthaka ikawakaniza kumunsi, kukoka kwake kumamveka kumtunda nthawi yomweyo. Palinso timapuloteni ting'onoting'ono toyenda m'mitsempha ya madzi. Mu 2018 akatswiri a ku RIKEN ku Japan anasonyeza pa Arabidopsis kuti kapuloteni kotchedwa CLE25 kamachoka kumizu n'kukayatsa jini ya NCED m'masamba. Ndipo ABA siyenda yokha. Gulu lomwelo la ku Castellón linaona mu 2013 kuti m'mizu ya citrumelo (mtengo wa banja lomweli umene amamezanitsapo malalanje) homoni ina, jasmonic acid, imakwera kaye kwa kanthawi kochepa, ABA n'kubwera pambuyo. Ataletsa muzu kupanga jasmonic acid, ABA nayo sinakwere.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Muzu ndi tsamba zimalankhulana mbali zonse ziwiri, ndipo munthu amene aphunzira chimodzi chokha amamva theka la zokambiranazo.

N'chifukwa chiyani muzu umachepetsa kumwa madzi pa nthawi imene mtengo ukuwafuna kwambiri?

Madzi salowa m'selo paliponse. Ambiri amadutsa m'mapuloteni okhala ndi kanjira pakati, otchedwa aquaporin. Peter Agre analandira mphotho ya Nobel mu 2003 chifukwa chowatulukira m'maselo a magazi, ndipo zomera zili nawo ochuluka kuposa ife: lalanje lotsekemera lili ndi majini oposa 30 a banja limeneli. Chilala chikakula, mizu ya malalanje imazimitsa ambiri mwa majini a gulu la PIP, amene mapuloteni ake amakhala pa kakhungu kakunja ka selo. Mapuloteni amene alipo kale amatsekedwa, ena amachotsedwa pakakhungupo n'kulowetsedwa mkati.

Chifukwa chake n'chakuti kanjirako sikasankha kolowera. Dothi likauma kuposa muzu, madzi amatha kubwerera m'mbuyo, kuchoka m'muzu kupita m'dothi. Kutseka kumateteza madzi amene ali kale mkati. Kumathandizanso kuti masamba amve msanga kuti zinthu zavuta, atseke timabowo tawo kukoka kusanafike poti mpweya ulowe m'mitsempha ya madzi. Mtsempha umene mwalowa mpweya sunyamulanso madzi, ndipo yotere ikachuluka nthambi imauma.

Pali chinthu china chimene olima zipatso ayenera kuchidziwa. Nthaka ikadzaza madzi mpaka mizu kusowa okosijeni, mkati mwa maselo mumachuluka asidi, ndipo asidiyo amatsekanso ma aquaporin omwewa. Mtengo woima m'madzi umafota mofanana ndi wa pa chilala. Wouona n'kuuthiriranso akungouwonjezera mavuto.

Kodi selo limadziteteza bwanji kuti lisaume?

Limadziunjikira zinthu zosungunuka zimene sizisokoneza ntchito za mkati, kuti lipitirize kukoka madzi ngakhale m'dothi louma. Chodziwika kwambiri ndi proline, imene enzaimu ya P5CS imayambitsa kupangidwa kwake kuchokera ku glutamate. Mitengo ya banja la malalanje ili ndi proline yambiri mwachibadwa, komanso ina yofanana nayo yotchedwa proline betaine. Palinso mitundu ya shuga monga sucrose ndi raffinose. Kuwonjezera apo pali mapuloteni a LEA, kuphatikizapo dehydrin, amene amakuta maenzaimu ndi tikhungu ta m'selo kuti zisamatane kapena kupindika madzi akachepa. Mapuloteni amenewa ndi omwe amateteza njere ikamauma pokhwima.

Ku Brazil mu 2004 ofufuza anaika mu Carrizo citrange, mtengo winanso womezanitsapo malalanje, jini ya P5CS yochokera ku nyemba zotchedwa Vigna aconitifolia. Mbandezo zinakundika proline yochuluka ndipo zinapirira kusowa madzi kuposa zinzake. Komabe tisafulumire kuganiza kuti mtengo uliwonse wa proline yambiri ndi wopirira. Nthawi zina mtengo umene wavutika kwambiri ndi umene umapezeka nayo yochuluka, ndipo zikatero proline ikungosonyeza kukula kwa vutolo.

Zimamveka kuti chilala chimabweretsa poizoni m'maselo. N'zoona?

Inde. Ntchito za m'selo zikasokonekera, okosijeni wina amasanduka zinthu zolusa monga superoxide ndi hydrogen peroxide, zimene zimawononga tikhungu, mapuloteni ndi DNA, chinthu chimene majini amalembedwamo. Muzu umalimbana nazo ndi maenzaimu a SOD, catalase ndi ascorbate peroxidase, pamodzi ndi vitamini C ndi glutathione. Mitundu yopirira kawirikawiri imayatsa chitetezo chimenechi msanga. Koma selo silizichotsa zonse, chifukwa hydrogen peroxide yochepa imagwiranso ntchito yonyamula uthenga wa ABA.

Kodi maonekedwe a mizu amasintha?

Amasintha. Chilala chikakhala chapakatikati, mtengo umachepetsa kuphuka nthambi zatsopano n'kutumiza shuga wochulukirapo kumizu. Robert Sharp wa ku University of Missouri anasonyeza pa chimanga kuti ABA ndiyo imathandiza nsonga ya muzu kupitiriza kutalika m'dothi louma, ngakhale homoni yomweyo imaletsa kukula kumtunda. Zinaonekanso pa mbewu za m'gulu la chimanga ndi pa Arabidopsis kuti muzu ukadutsa pamalo opanda chinyezi umaleka kutulutsa timizu ta m'mbali mpaka utakhudzanso madzi.

Muzu umadzikutanso. M'makoma a maselo a m'mphepete mwake umaika suberin, chinthu chosalowa madzi chimene chimapezekanso m'makungwa. Mizu yaing'ono ya malalanje imene inali yoyera imasanduka yofiirira, imaleka kukula, n'kungodikira. Chilala chikapitirira, ina imafa, makamaka ya m'dothi la pamwamba kumene kuli mizu yambiri yomwera madzi ndi chakudya. Muzu wokutidwa ndi suberin sutaya madzi, koma sumwanso mwachangu mvula ikabwera. Mtengo umayenera kuphuka timizu tatsopano, ndipo izi zimatenga nthawi.

Nanga mafangayi a m'nthaka amathandizapo chiyani?

Mizu ya mitengo imeneyi ili ndi ubweya wochepa ndiponso waufupi, choncho imadalira kwambiri mafangayi okhala nayo limodzi, otchedwa mycorrhiza. Timaulusi tawo timalowa m'maselo a muzu, kwinaku tikufalikira m'timipata ta dothi tosatheka kulowamo muzu. Timabweretsa fosiforasi ndi madzi, mtengo n'kubweza shuga ndi mafuta. Qiang-Sheng Wu wa ku Yangtze University ku China wachita kafukufuku wambiri pa Poncirus trifoliata, mtengo wachibale wa malalanje, ndi fangayi yotchedwa Funneliformis mosseae. Mbande zokhala ndi fangayiyi zimakula bwino pa chilala, maenzaimu ake oteteza amagwira ntchito mwamphamvu, ndipo majini ake a aquaporin amayaka mosiyana ndi a mbande zopanda fangayi. Feteleza wa fosiforasi akachuluka m'nthaka, muzu umachepetsa ubale umenewu, popeza suonanso chifukwa cholipirira chinthu chimene chili kale pafupi.

Kodi tsinde limene mtengo wamezanitsidwapo lili ndi kanthu?

Lili ndi kanthu kwambiri. Pafupifupi mitengo yonse ya m'minda ya malonda ndi yomezanitsa: kumtunda ndi mtundu wa chipatso chimene mlimi akufuna, kumunsi ndi mtundu wina wosankhidwa chifukwa cha mizu yake. Zonse zimene tafotokoza zokhudza mizu zimalamulidwa ndi majini a tsinde la pansili. Lalanje lomwelo la mtundu wotchedwa Valencia limachita mosiyana pa chilala malinga ndi mizu imene laimapo.

Rangpur lime ndi rough lemon zimadziwika kuti zimapirira chilala. Mizu yake ndi yambiri, yozama, ndipo imamwa madzi mwachangu. Poncirus trifoliata ndi Swingle citrumelo zimafuna madzi odalirika. Koma mawu akuti kupirira amabisa njira ziwiri zosiyana, ndipo kafukufuku wa ku Brazil wofalitsidwa mu 2016, wokhudza bungwe la kafukufuku wa zaulimi la Embrapa, anazionetsa bwino poyerekeza Rangpur lime ndi nachesi wotchedwa Sunki Maravilha. Rangpur imapitiriza kufunafuna madzi ndi kukula, moti mtengo umaoneka wathanzi pa chilala chachifupi. Sunki Maravilha imachepetsa zochita, imasamala madzi, imalimbitsa chitetezo cha maselo, cholinga chake n'kungokhala ndi moyo. Pa nthaka yakuya imene pansi pake pali chinyezi, njira ya Rangpur imapindulitsa. Pamene mizu ilibe kolowera ndipo chilala n'chachitali, mtengo womwa mwachangu ndi umene umayamba kumaliza madzi. Choncho funso loyenera pogula mbande si lakuti kodi mtundu uwu umapirira, koma lakuti umapirira chilala chotani, pa nthaka yotani.

Palinso nkhani ya makromozomu, timitolo tonyamula majini m'selo. Mitengo ya banjali ili ndi makromozomu 18, koma mwa apo ndi apo pamamera mbande ya makromozomu 36, majini ake onse atabwerezedwa kawiri. Mizu ya mbande zotere ndi yonenepa, ya nthambi zochepa, ndipo imadutsitsa madzi pang'onopang'ono. Mu 2013 ofufuza a bungwe la CIRAD la ku France ndi anzawo a ku Spain anamezanitsa Valencia pa Rangpur ya makromozomu 36. Anapeza kuti mizu yake imakhala ndi ABA yochuluka ngakhale madzi alipo okwanira, jini ya NCED ili yoyaka kale, ndipo mitengoyo inapirira chilala kuposa ya pa Rangpur wamba.

Chilala sichingakhale muyeso wokhawo. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 matenda a tristeza anapha mitengo mamiliyoni ambiri ku Argentina ndi Brazil, yomezanitsidwa pa lalanje lowawasa. Brazil inatembenukira ku Rangpur lime, ndipo mu 1999 kunabuka matenda ena ofooketsa mitengo mwadzidzidzi kumpoto kwa São Paulo ndi ku Minas Gerais, amene anagwira makamaka mitengo ya pa Rangpur yomweyo. Kudalira tsinde la mtundu umodzi m'dziko lonse kwapweteketsa alimi kawiri konse.

N'chifukwa chiyani masamba amayoyoka mvula ikagwa pambuyo pa chilala, osati pa chilala penipenipo?

Yankho lake lili m'mizu. Mu 1996 Aurelio Gómez-Cadenas ndi anzake ku Spain anafufuza zimenezi pa mbande za nachesi wa Cleopatra. Pa chilala ABA imachititsa mizu kupanga ACC, chinthu chimene chomera chimapangira homoni ya ethylene. Popeza madzi sakuyenda m'mitsempha, ACC imangounjikana kumizu. Madzi akabwera imakwera yonse nthawi imodzi, masamba amaisandutsa ethylene, ndipo ethylene imayatsa maenzaimu osungunula makoma a maselo pamfundo ya tsamba. Masamba amathothoka. Woona angaganize kuti madziwo ndiwo awononga mtengo, chonsecho chigamulo chinapangidwa kale m'masiku ouma aja.

Kodi mtengo umakumbukira chilala chimene unadutsamo?

M'njira ina, inde. Selo limatha kuika timagulu ta methyl pa DNA popanda kusintha majini enieniwo, ndipo zizindikiro zimenezi zimachititsa jini kuyaka mosavuta kapena movutikira. Mu 2017 ofufuza a ku Brazil anadutsitsa mitengo ya Valencia m'chilala chobwerezabwereza, ndipo anapeza kuti zizindikirozi, pamodzi ndi kuchuluka kwa mahomoni, zinali zosiyana ndi za mitengo imene inkakumana ndi chilala koyamba. Kusinthako kunadaliranso tsinde la pansi.

Zimatheka bwanji kuti chilala chichititse mtengo kuchita maluwa?

Kumadera ozizira, kuzizira ndiko kumakonzekeretsa mtengo wa malalanje kuchita maluwa. Kumadera otentha ntchito imeneyi imagwiridwa ndi nyengo youma. Njira ziwirizi zimakumana pa jini yotchedwa FT, imene imayaka kwambiri mtengo ukazizidwa kapena ukasowa madzi, ndipo puloteni yake imauza mphukira kuti zidzatulutse maluwa m'malo mwa masamba okhaokha. Maluwawo amatuluka madzi akabwerera.

Alimi a mandimu ku Sicily anazindikira izi kalekale jiniyi isanadziwike. Amasiya kuthirira kuchiyambi kwa nyengo yotentha mpaka masamba atafota, kenako amathiriranso. Mitengo imachita maluwa kumapeto kwa nyengoyo, ndipo mandimu ake obiriwira, otchedwa verdelli, amakololedwa m'nyengo yotentha ya chaka chotsatira pamene mandimu asowa pamsika. Njirayi imafuna diso lakuthwa, chifukwa ludzu likapyola muyeso mtengo umataya masamba ndi mizu yaing'ono.

Kodi zonsezi zingathandize munthu wothirira munda kusunga madzi?

Zingathandize, bola adziwe nthawi yake. Kuyambira pa maluwa mpaka tizipatso titagwira, maselo a chipatso amakhala akugawikana, ndipo kusowa madzi pa nthawi imeneyi kumayoyola tizipatso, zotayikazo sizibwereranso. Pambuyo pake, pamene maselo akungofufuma, mtengo umatha kupirira kuchepetsedwa madzi pang'ono, ndipo chipatso chimapezanso msinkhu madzi akabwerera. Kafukufuku wa pa manachesi a Clementina de Nules ku Valencia anasonyeza zimenezi. Kuchepetsa madzi chakumapeto kumawonjezera shuga ndi asidi m'chipatso, koma kuthira madzi ambiri mwadzidzidzi pambuyo pa ludzu lalitali kumang'ambitsa zipatso za mitundu ina. Mitengo yodwala huanglongbing, matenda a bakiteriya amene anapezekanso ku Florida, ku America, mu 2005, siyenera kuyesedwa chonchi n'komwe, chifukwa imakhala itataya kale gawo lalikulu la mizu yake yaing'ono masamba asanaonetse zizindikiro. Imafuna madzi ochepa koma pafupipafupi.

Pali njira ina imene inachokera mwachindunji ku sayansi ya ABA. M'zaka za m'ma 1990 ku Australia, Brian Loveys ndi Peter Dry anayamba kuthirira mphesa mbali imodzi yokha ya mizu, n'kumasinthasintha mbalizo. Maganizo ake anali akuti mbali youma itumize uthenga wotseka timabowo ta masamba, pamene mbali yonyowa ikumwetsa mtengo. Pa malalanje njirayi yayesedwa m'maiko angapo ndipo zotsatira zake zimasiyana malo ndi malo. Nthawi zambiri phindu lake limafanana ndi la kungochepetsa madzi mbali zonse mwa muyeso womwewo. Izi zikugwirizana ndi zimene zinapezeka ku Castellón: ngati masamba ndiwo gwero lalikulu la ABA pa chilala chokhalitsa, ndipo akulandira madzi okwanira kuchokera kumbali yonyowa, mbali youmayo payokha singawakakamize kutseka kwa nthawi yaitali. Amene akufuna kuyesa njirayi, yomwe imafuna mizere iwiri ya mapaipi pa mzere uliwonse wa mitengo, ndi bwino ayambe ndi mitengo yochepa, aiyerekeze ndi ina imene yangochepetsedwa madzi mwa muyeso womwewo, asanagule mapaipi a munda wonse.